Deti Yodulidwa Mchira

1. Mzere wachikasu

M'chipinda cha makompyuta cha pasukulupo munali malamulo ambiri kuposa makompyuta. Makompyuta anali khumi ndi anayi, oyaka asanu ndi anayi, koma malamulo anadzaza khoma lonse la kumbuyo. Lamulo lalikulu pa onse silinali pakhoma. Linali pansi: mzere wa penti yachikasu wozungulira tebulo la aphunzitsi. Wophunzira wodumpha mzerewo ankatchetcha udzu sabata yathunthu.

Aphunzitsiwo ana ankawatchula kuti a Osagwira, chifukwa mawu amenewa ndiwo ankatuluka m'kamwa mwawo munthu usanapereke n'komwe moni. Sanali munthu woipa ayi. Kungoti makompyutawo anawapeza movutikira, ndiye ankawasamala ngati mazira. Sikirini yawo yaikulu itapsa, anaikapo kakang'ono kakalekale, moti zonse zinkaoneka mothinana.

Lachinayi masana a Osagwira anaitanitsa atsikana awiri. Woyamba anali Mafunso wa Fomu 2. Dzinali anamupatsa ndi anzake, chifukwa sankalola phunziro kutha asanakweze dzanja katatu. Wachiwiri anali Dona wa Fomu 4, mkulu wake wa Mafunso, mwana wa amayi ake aakulu. Awiriwa ankakhala nyumba imodzi ndi kugona chipinda chimodzi. Dona anali pulifekiti, mtsikana waudongo, nsapato zake zosadziwa fumbi, ndipo aphunzitsi akafuna chitsanzo cha mwana wabwino ankaloza iyeyo.

Mlandu unali wa mpikisano wa masukulu wolemba nkhani. Aliyense wofuna kupikisana ankapereka fulashi yake kwa a Osagwira, iwo n'kukopera nkhaniyo mu foda ya mpikisano. Tsiku limenelo, powerenga, anapeza nkhani ziwiri zonena za bambo wowotcherera zitsulo amene manja ake anali zipsera zokhazokha. Liwu ndi liwu zinali zofanana.

"Zasiyana mutu ndi dzina la wolemba basi," anatero a Osagwira. "Ndiye kuti wina wa inu ndi wakuba. Ine sindinavutike n'kufunsa anthu, anthu amanama. Ndafunsa kompyuta."

Anatembenuza kasikirini kaja pang'ono kuti atsikanawo aone ali kunja kwa mzere. Panali mndandanda wa mafayilo. Danga la mayina linali lalikulu, chifukwa ana asukulu sadziwa kupereka dzina lalifupi. Wina fayilo yake anaitcha kuti "nkhani yanga yomaliza yeniyeni osati ija". Pofuna kuti mayina otere azioneka onse, a Osagwira anakulitsa danga la mayina n'kupanikiza danga la madeti. Kompyuta ikasowa malo sidandaula. Imangodula mchira wa mawu n'kuikapo timadontho titatu.

Pa fayilo ya Dona panalembedwa kuti 09/06/… ndipo pa ya Mafunso panalembedwa kuti 21/06/…

"Pa 9 Juni ndi pa 21 Juni, tsiku loyamba kufika ndi liti?" anafunsa a Osagwira, maso ali pa Mafunso. "Iwe umakonda mafunso. Yankha limeneli."

2. Kalata yopepesa

 Mafunso anafotokoza msangamsanga, mawu akupunthwana. Anati nkhaniyo anailemba chaka chatha ali Fomu 1, pa nthawi yophunzira kutaipa, patangopita miyezi iwiri bambo ake atamwalira. Anaimaliza pa 21 Juni, n'kuisunga mu fulashi, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanasinthemo ngakhale kadontho, chifukwa akaitsegula ankalira. A Fomu 1 sankaloledwa kupikisana, ndiye anadikira chaka chathunthu.

"Sala, chaka sichikuoneka," anatero akuloza patali. "Chabisala m'timadonthoto. Mungokoka kamzere ka pamwambapo kuti danga likule, muona."

A Osagwira anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waponderedwa chala. Anati foda imeneyo anaitsegula okha chaka chino, ndipo zonse zili mmenemo ndi za chaka chino. Tsiku ndi mwezi zikukwanira. Anawonjezera kuti sanapite kukoleji kuti adzaphunzitsidwe kugwira mausi ndi mwana wa Fomu 2.

Apa tinene zoona: kukoka kamzereko kukanawatengera nthawi yochepa kuposa kukana. Koma munthu wamkulu akanena kale kuti wagamula, dzanja limalemera.

Atafunsa Dona, iye anayang'ana nsapato zake n'kunena motsitsa kuti analemba yekha. Anamuuza kuti abwerere m'kalasi. Potuluka sanamuyang'ane mng'ono wake.

Kenako a Osagwira anavula magalasi n'kukhala pansi.

"Mwana iwe, tamvera. Ndaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo ana akuthwa pakamwa ngati iwe ndawaona ambiri. Onse amayamba chonchi: kulakwa pang'ono, kukana kwambiri. Kulakwa si imfa. Munthu ukagwa umadzuka, kusasa fumbi, n'kupitiriza ulendo. Koma ukagwa n'kumalumbira kuti sunagwe, ndi pamene anthu amakuseka. Lero ukana za nkhani, mawa udzakana za ntchito, mapeto ake palibe adzakukhulupirire ngakhale ukunena zoona. Ine ndikukuchitira chifundo chifukwa ndiwe wamng'ono. Akanakhala wa Fomu 4 wochita zimenezi, lamulo likuti masabata awiri kunyumba ndi kulandidwa udindo. Koma iwe ungolemba kalata yopepesa, usayine pamaso pa ahedi mawa m'mawa, uiwerenge pa asembule Lolemba, basi zatha. Za mpikisano uiwale. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo mawa ubwere ndi kholo."

Anamupatsa pepala loyera. Mafunso analilandira ndi manja awiri monga mwa ulemu, koma sanathokoze.

3. Pakhonde

Amayi a Mafunso anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde, pakati pa mulu wa nsalu ndi dengu la tiziduswa, ndipo phokoso lake linkamveka munthu usanakhote pakona. Tsiku limenelo ankasoka makatani a kasitomala wovuta, tepi ili m'khosi, mapini ali pamlomo.

Mafunso anafotokoza zonse asanavule n'komwe yunifolomu. Makina anaima. Amayi analavula mapini m'dzanja n'kuitana Dona, amene anali atafika kale n'kudzitsekera kuchipinda.

Kwa amayi Dona sanathe kunama. Analira n'kuulula zonse. Anati aphunzitsi a kalasi yawo analamula kuti pulifekiti aliyense apereke nkhani, ndipo iye mutu unali pa mayeso, analibe nthawi. Fulashi ya Mafunso anabwereka kuti akapulintitse manotsi, nkhaniyo n'kuipeza mmenemo. Anaona deti ya chaka chatha n'kuganiza kuti mwini wake anaiiwala. Anangosintha mutu ndi dzina.

Amayi anamukalipira mpaka mkazi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Anamutchula waulesi, wopanda manyazi, wochititsa manyazi nyumba. Atatopa anamuuza kuti achoke pamaso pawo. Mafunso mtima unakhala pansi. Anaganiza kuti mawa ali ndi mboni.

Koma amayi anamukokera kampando n'kumuuza kuti akhale.

"Mwana wanga, ndikudziwa kuti nkhaniyo ndi yako. Ndinakuona ukuilemba m'kope usanakaitaipe, maso atatupa. Palibe angandiuze zina. Koma tamvera amayi ako. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wakulakwirayu si munthu wapamsewu, ndi mkulu wako. Amayi ake popita kutali kukagwira ntchito anandigwira dzanja ili n'kunena kuti, 'Mng'ono wanga, mwanayu ndakusiyira, undifikitsire ku mayeso.' Zaka zinayi ndamusunga. Kwatsala masabata atatu okha. Lero ndiwaimbire kuti mwana wawo wabwezedwa kusukulu chifukwa cha mwana wanga? Abale adzati chiyani? Adzati ndinasankha wobereka ndekha. Iwe uli ndi zaka ziwiri kutsogoloku. Mipikisano ibwera ina, nkhani ulemba zina, mutu uli nawo. Anthu amaiwala, mwana wanga. Aseka sabata imodzi, yotsatirayo apeza china choseka. Koma mayeso akadutsa adutsa. Ine pa moyo wanga ndapepesa zinthu zambiri zimene sindinalakwe, kwa makasitomala, kwa eni nyumba, ngakhale kwa malemu bambo ako. Kodi ndinafa nazo? Kugonja si kupusa. Chibale ndi fupa, sichiola. Kasayine, tione mawa."

 Mawuwa anamupweteka Mafunso kuposa a aphunzitsi, chifukwa aphunzitsi sankadziwa, koma amayi ankadziwa.

"Ndiye mukuti ndikaime pamaso pa sukulu yonse," anafunsa, "ndikanene kuti manja a bambo anga ndinachita kuba?"

 Amayi anabweza mapini pamlomo n'kuponda makina, koma msoko unakhota, moti anayamba kuusula.

4. Asisi

Dzuwa lisanalowe Mafunso analowa kuchipinda. Dona anali atakhala pabedi, mabuku a mayeso atamuzungulira, koma palibe limene linali lotsegula.

Anayamba ndi Dona. Anapepesa, analonjeza kumuchapira zovala mpaka chaka chithe, kumupatsa chikwama chake chatsopano, kumulembera manotsi. Anati akangolemba mayeso adzapita yekha kwa ahedi kukaulula, ndipo dzina la Mafunso lidzayera. Analankhula bwino kwambiri. Dona pakamwa sankasowa mawu okoma.

Mafunso anamufunsa ngati mayeso akatha adzaitanitsenso asembule, ana onse abwerere kudzamva. Dona anangoyang'ana mabuku ake.

"Asisi, ine sindikufuna kuti mubwezedwe," anatero Mafunso. "Mawa mulawire, mukanene nokha kwa ahedi ine ndisanafike. Munthu wodziulula yekha amamumvera chisoni. Ndikupatsani mpata umenewo. Koma ine kusayina sindisayina."

"Sindingathe," anayankha Dona. "Ukudziwa mmene amandionera anthu. Iwe aliyense amadziwa kuti ndiwe wovuta, sadabwa. Koma ine?"

Mawu amenewo ndiwo anamanga mfundo. Mafunso anamuyang'ana mkulu wake nthawi yaitali, kenako anatenga pepala lija n'kupita nalo patebulo la pabalaza.

Kunena chilungamo, anayesa. Chifukwa cha amayi ake, anayesa. Analemba deti pamwamba, yonse yathunthu, tsiku, mwezi ndi chaka. Analemba kuti "Okondeka Ahedi". Kenako analemba kuti "Ine", cholembera n'kuima pomwepo. Liwu lotsatira linakana kutuluka. Anapinda pepalalo panayi n'kuliika m'thumba la siketi.

Chakudya chamadzulo anadya anthu atatu, koma kunkangomveka masipuni okha.

5. Lachisanu m'mawa

Ahedi anali mayi wamtali wa imvi zochepa, wosakonda milandu yaitali. Mu ofesi mwawo munali a Osagwira, amayi atavala diresi lawo la kutchalitchi, Dona ndi Mafunso. Dona sanalawire. Anafika limodzi ndi onse, ali kumbuyo.

Ahedi anatambasula dzanja kufuna kalata. Mafunso anaipereka. Ataifunyulula anapeza mawu atatu okha, ndipo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati cholembera chinatha inki.

"Ayi madamu. Sindinabe, ndiye ndasowa chopepesa."

Amayi anamutsina pantchafu mobisa. A Osagwira anapukusa mutu n'kunena kuti izi ndi zimene ankanena zija, mwanayu ndi wouma mutu. Ahedi anachenjeza kuti akakana chifundo, lamulo ligwira ntchito yonse, ndipo wopita kunyumba masabata awiri akhala iyeyo.

Mafunso anati avomera chilango chilichonse, koma apempha chinthu chimodzi: mlanduwo ukathere pamene unayambira, pamaso pa kompyuta. Ahedi anayang'ana wotchi, anapuma mozama, n'kunena kuti tiyeni, kuti zithe.

Anayenda mondondozana kudutsa makalasi atatu. Ana ankasuzumira m'mawindo. Pasukulu nkhani siyenda pansi, ndipo ena anali atayamba kale kunong'ona kuti "wokopera uja".

A Osagwira anayatsa kompyuta, yomwe inatenga nthawi yake ngati kale. Anatsegula foda n'kuwaonetsa ahedi madeti awiri aja. Ahedi anawerama, anawerenga, n'kugwedeza mutu. Kwa iwo zinaoneka zomveka.

"Sala, ndikupemphanso," anatero Mafunso ali kunja kwa mzere wachikasu. "Kulitsani danga la deti."

A Osagwira anati nkhani imeneyo anaiyankha kale dzulo, ndipo sabwereza. Anatambasula dzanja kuti atseke foda.

Mafunso anayang'ana Dona. Dona anayang'ana pawindo. Mafunso anayang'ana amayi ake. Amayi anapukusa mutu pang'onopang'ono, maso akupempha.

Kenako Mafunso anadumpha mzere.

"Osagwira!" anakuwa aphunzitsi, koma mausi inali kale m'dzanja la Mafunso. Poyamba anakoka kamzere kolakwika, danga la mayina n'kukulirakulira, madeti n'kutsala pang'ono kutuluka pasikirini. Anadziluma mlomo, anabweza, n'kugwira kamzere ka kumapeto kwa danga la deti. Anakokera kumanja.

Timadontho tonse tinazimiririka, kuyambira pamwamba mpaka pansi pa mndandanda. Mafunso anasiya mausi n'kubwerera kunja kwa mzere, manja kumbuyo.

Ahedi anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuitana mayina m'kalasi. Fayilo ya Dona: 09/06/2024. Fayilo ya Mafunso: 21/06/2023.

 

A Osagwira anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anavalanso. Manambala sanasinthe. Manyazi anawagwira, koma tiwayamikire pa chimodzi: sanafunefune pothawira.

"Ndinaona theka la deti n'kugamula mlandu wonse," anatero motsitsa. "Mwana iwe, ndinakulakwira."

Dona anali atayamba kale kulira, nkhope ataiphimba ndi manja. Amayi anakhala pa kampando ka ana n'kuyang'ana pansi.

6. Chigamulo

Ahedi sanachedwe. Dona anamulanda baji ya upulifekiti pomwepo, n'kumuuza kuti apite kunyumba masabata awiri. Anati mayeso adzalemba, palibe amuletse, koma makalasi obwereza aphonya, ndipo Lolemba ayenera kubwera kudzawerenga kalata yake pa asembule. Anawonjezera kuti akanabwera yekha m'mawa kudzaulula, zikanakhala zina. Amayi anapempha kuti za asembule zokhazo azichotse, koma ahedi anati zimene zinakonzedwera wamng'ono sizingakhale zolemera kwa wamkulu.

Amayi ndi Dona atatuluka, ahedi anatsala ndi Mafunso.

"Nkhani yako ipita ku mpikisano, ndipo pasukulu pano palibe adzakutchulenso wakuba. Koma udzu utchetcha sabata yathunthu, chifukwa mzere wadumpha. Ukasankha kuswa lamulo pofuna choonadi, uzivomeranso mtengo wake, usamayembekezere kuomberedwa m'manja. Ndipo tamvera, mwana iwe. Usatuluke muno ukuvina. Kupambana mlandu n'kosavuta. Chovuta ndi kukhala ndi anthu amene wawagonjetsa. Ine ndikaweruka ndipita kwathu, aphunzitsi akowa apita kwawo, koma iwe madzulo ano ukagona chipinda chimodzi ndi mkulu wako, ukadya chophika amayi ako. Sindikuti walakwa. Ndikanakhala ine pa msinkhu wako, mwina ndikanasayina, ndipo ndikanadandaula mpaka lero. Koma dziwa kuti kompyuta yamaliza mbali yake. Zotsalazo zilibe kamzere kokoka. Uzikalankhula mofatsa kunyumba, usakawerengere munthu zolakwa zake. Wamva?"

Mafunso anati wamva. Anafunsa kumene akatenge chikwakwa.

Masana onse anatchetcha kuseri kwa laibulale, dzuwa likumuwotcha pamsana. Anzake ankabwera m'magulumagulu kudzamufunsa ngati n'zoona kuti anagwira mausi ya a Osagwira. Ena ankafuna kugwira dzanja lakelo. Iye ankangoseka pang'ono. Anali wokondwa, ndipo sanabise. Matuza anatuluka m'manja, koma sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo akanati zibwerere, akanadumphanso mzerewo.

7. Kunyumba

Ataweruka, Mafunso anayenda mofulumira, akukonza m'mutu mawu ofatsa oti akamuuze Dona. Anaganiza zomuthandiza kulemba kalata ija, ndi kumubweretsera manotsi a makalasi obwereza kuchokera kwa anzake a Fomu 4.

Pofika anapeza amayi ataima pageti, akadali m'diresi lomwe lija, foni ili m'manja. Mkazi wa nyumba yoyandikana anali nawo, koma ataona Mafunso anazemba n'kulowa kwawo.

Amayi anafotokoza mwachidule, mawu ali ouma. Anati atafika kuchokera kusukulu, Dona anapempha kukagona, mutu ukumupweteka. Iwo anapita kukapereka makatani. Pobwera anapeza chitseko chakumbuyo chili chotsegula.

Mafunso anathamangira kuchipinda. Bedi la Dona linali loyalidwa bwinobwino, monga mwa masiku onse. Chikwama chachikulu cha pamwamba pa kabati panalibe. Zovala za kunyumba munalibe. Pakati pa bedi panali yunifolomu yopindidwa mwaudongo, ndipo pamwamba pake panali chiphaso cha mayeso, chithunzi cha Dona chikuyang'ana kudenga. Popanda chiphaso chimenecho palibe amalowa m'chipinda cha mayeso.

Anachitenga n'kutuluka nacho panja. 

"Foni yake yazima," anatero amayi. "Kwa anzake awiri ndaimbako, sanamuone. Amayi ake aimba Lamlungu, monga amachitira. Ndikawauza chiyani?"

"Amayi, ine sindinaname," anatero Mafunso, mutu uli chilili.

"Sunaname," anavomera amayi. Anamuyang'ana m'maso koyamba tsiku limenelo, ndipo m'maso mwawo munali misozi. Anatsegula geti n'kuima pambali. "Dzina lako walipeza, mwana wanga. Usavule nsapato. Kwatsala maola awiri kuti kude, tiye tikapeze mkulu wako."